Mwamuyambitsa ntchito chilolezo chisanatuluke

Mwalemba kuti kampani yanu inapeza katswiri wokonza makina wochokera kunja, amene analowa m'dziko ndi viza ya mlendo. Mafomu opempha chilolezo chogwirira ntchito munapereka miyezi inayi yapitayo, ndipo wina wa ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka anakuuzani pakamwa kuti "angoyamba, chilolezo chituluka". Mukufunsa ngati pali vuto.

Vuto lilipo bambo, ndipo mapempho ambiri amafera pomwepa. Risiti yosonyeza kuti munapereka mafomu si chilolezo ayi. Viza ya mlendo ndi yodzacheza, mwinanso yodzachita misonkhano, osati yogwirira sipanala. Tsiku limene katswiriyo anavala ovolosi n'kusayina m'buku la antchito, anaphwanya zimene anamulolera polowa, inunso munalemba ntchito munthu wosaloledwa. A ku ofesi ija akadziwa, pempho likhoza kukanidwa, iye n'kubwezedwa kwawo, inu n'kulipitsidwa chindapusa, ndipo fayilo yanu imadetsedwa ngakhale pa mapempho a m'tsogolo. Choipanso, mayiko ambiri salola kusintha viza ya mlendo kukhala ya ntchito munthu ali m'dzikomo. Ku Britain ndi choncho, ku South Africa nakonso kawirikawiri amafuna kuti munthu akapemphere kwawo. Tsono mwina mwadikira miyezi inayi pa pempho limene silikanayenera kulandiridwa n'komwe.

Za bwana amene anakulimbitsani mtimayo, kodi anakulemberani pa pepala, n'kudindapo chidindo? Zikavuta adzati sakukukumbukirani. Ngakhale atavomera, mawu a pa kauntala sasintha lamulo.

Katswiriyo asiye ntchito lero lomwe. Onani chidindo cha mu pasipoti yake, masiku ake asathe akadali m'dziko, chifukwa kupitirira masiku ndi mlandu winanso. Lemberani ofesiyo kalata yofunsa pamene pempho lafika, mutchule nambala ya fayilo, ndipo kope lanu alidinde tsiku limene alandira. Musaname kuti sanayambe ntchito. Mapepala a malipiro adzakutsutsani. Mmene mungafotokozere zimenezi mukambirane kaye ndi loya wanu.

Unikaninso fayilo. Pakhale umboni woti munalengeza ntchitoyo m'dziko mwanu musanasayine naye kontirakiti, ndi zifukwa zimene nzika zofunsira zinalepherera. Dzina la udindo lifanane pa chilengezo, pa kontirakiti ndi pa fomu. Masatifiketi ake akhale otsimikizidwa, ndipo ngati ali m'chinenero china amasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka. Kalata ya apolisi ndi ya dokotala zimatha mphamvu, kawirikawiri pakapita miyezi isanu ndi umodzi.

Sindingalonjeze kuti chilolezo chituluka. Akakana, pemphani zifukwa zolembedwa ndipo muone nthawi yomweyo masiku ochitira apilo, chifukwa amakhala ochepa.