Mkamwini wandiitana kukawedza kunyanja kosafika msewu

FUNSO

Ndine bambo wa zaka 64, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndimakhala ku Area 25 koma kwathu ndi ku Nkhotakota. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Winnipeg, m'dziko la Canada, ndipo anakwatiwa ndi mzika ya komweko. Chaka chamawa ine ndi mayi akunyumba tikukaona chidzukulu. Tsono mkamwiniyo akuti akufuna adzanditenge, pamodzi ndi bambo ake ndi mng'ono wake, tikathe sabata kunyanja ina ya kumpoto kumene kulibe msewu, anthu amakatulidwa ndi ndege. Akuti ulendowo amautcha fly-in. Ine ndakulira pagombe, mbedza ndimaidziwa, koma izi zandizunguza mutu. Ndege ikatera pati popanda bwalo? Ndimamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Chachikulu n'chakuti, kugona nyumba imodzi ndi mkamwini sabata yathunthu, kodi n'zoyenera? Mayi akuti ndikane mwaulemu.

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Bambo, pitani. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mayi adziwiretu mbali imene ndaima, koma ndiwapemphe awerenge mpaka kumapeto, chifukwa nkhawa yawo ndi yomveka ndipo pali zoti zikonzedwe musanavomere.

Ulendo woterewu ndinaupitapo kamodzi kokha, ndikuphunzira ku Thunder Bay, mzinda wa ku Canada komweko. Mnzanga wa m'kalasi ananditenga pagalimoto mpaka ku Armstrong, katauni kamene msewu umathera, ndipo kuchoka apo tinakwera ndege. Inu pochokera ku Winnipeg mwina mukakwerera ku Kenora kapena ku Red Lake, m'chigawo cha Ontario, kapenanso kumpoto kwa Manitoba komweko. Ontario yekha ali ndi nyanja pafupifupi 250,000. Dziko lake ndi thanthwe, mitengo ya paini, madambo ndi madzi, moti mukaliona muli m'mwamba simudziwa ngati ndi mtunda wokhala ndi nyanja kapena nyanja yokhala ndi zilumba. Msewu wokafika paliponse sungamangike. N'chifukwa chake ndege zake zimatera pamadzi: m'malo mwa matayala zili ndi timabwato tiwiri tachitsulo kunsi kwake, ndipo zimaima padoko lamatabwa ngati boti. Imene tinakwera ife inali Beaver, yopangidwa ndi kampani ya de Havilland Canada. Ndege ya mtundu umenewu inauluka koyamba mu 1947, anasiya kuipanga mu 1967, koma mpaka lero ndi imene ikusenza asodzi kumeneko pamodzi ndi inzake yokulirapo yotchedwa Otter. Phokoso lake ndi loposa la chigayo, mukafunika zotseka m'makutu. Musasokoneze fly-in ndi fly fishing, kuwedza kwa mbedza yovekedwa nthenga kuja alendo amachita m'madamu a ku Zomba ndi ku Chelinda pa Nyika. Uku dzinalo likungonena za ndege.

Musanakwere, katundu yense amapita pasikelo. Makampani ambiri amalola munthu mmodzi makilogalamu pafupifupi 45, ndipo mmenemo muli zovala, zowedzera ndi chakudya cha sabata yonse. Ife tinapyola, mpaka tinasiya katoni ya zakumwa padoko. Woyendetsa ndege sanyengerereka pa zimenezi, ndipo ndimamuyamikira, popeza ndege yolemedwa sinyamuka bwino pamadzi.

Kanyumba kake ndi kamatabwa, kali kokhakokha m'mphepete mwa nyanja. Mulibe wantchito, mulibe wophika, mulibe mlonda. Mumapeza mabedi osanjikiza, mbaula ya nkhuni yootha, chitofu ndi filiji zoyendera gasi, nyali za sola, ndi maboti achitsulo a anthu awiriawiri okhala ndi injini zazing'ono ndi petulo wake. Kwina kuli bafa la madzi otentha, kwina chimbudzi n'chokumba panja ngati kumudzi. Netiweki ya foni kulibe. Mtengo wake pa munthu mmodzi umapitirira madola 1,000, ndiye ngati mkamwini sananene za ndalama, mwana wanu afunse mwakachetechete kuti nkhaniyi isadzatulukire padoko.

Chimene sindidzaiwala ndi mphindi imene ndege inatisiya. Tinatsitsa katundu, woyendetsa anationetsa potsegulira gasi ndi pamene pali miyala yobisika m'madzi, anatigwira chanza n'kunyamuka. Phokoso linapita likuchepa mpaka linatheratu. Kenaka zii. Ine ndinakulira ku Kawale, kumene ngakhale pakati pausiku umamva galu, wailesi ya oyandikana nawo, minibasi yochedwa. Uko kunalibe tambala, kunalibe utsi wa mudzi wina, kunalibe bwato la munthu wina aliyense panyanja yonse. Mtima unagunda, sindibisa. Madzulo ake kunalira mbalame ya m'madzi yotchedwa loon, ija ili pa kobidi lawo la dola imodzi, kulira kwake ngati mayi wolira maliro kutsidya. Pofika tsiku lachitatu bata lomwelo ndinali nditalikonda, ndipo mpaka lero ndikatopa ndi mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ndimalikumbuka.

Tsono za BP. Apa ndiye pagona nkhawa ya mayi, ndipo musapapeputse. Ndege zimenezi zimauluka masana okha, woyendetsa akuona kumene akupita. Kukachita chifunga, mphepo yamkuntho kapena utsi wa moto wolusa, umene umavuta kumeneko m'miyezi yotentha, sizinyamuka. Ife tinayenera kutengedwa Loweruka m'mawa, tinatengedwa Lamulungu masana chifukwa cha chifunga. Choncho mukaonane ndi dokotala wanu kuno musananyamuke, mumuuze mosabisa kuti mukakhala sabata kutali ndi chipatala, iye ndiye anene. Akakulolani, tengani mankhwala opitirira masiku a ulendo, muwagawe pawiri, ena m'thumba la jekete ena m'chikwama. Mkamwini afunse eni kanyumbako mafunso awiri: kodi muli foni ya satelaiti kapena wailesi yoitanira thandizo, nanga ndege imadzazonda pakati pa sabata? Ambiri amachita zonse ziwiri, koma amve pakamwa pawo. Mugulenso inshuwalansi ya paulendo imene ikuvomereza matenda amene muli nawo kale ndiponso kunyamulidwa ndi ndege mwadzidzidzi, chifukwa mlendo ku Canada amalipira yekha kuchipatala ndipo bilu yake ingagulitse nyumba ya ku Area 25. Zimenezi zikapanda kutheka, pamenepo ndiye ndigwirizana ndi mayi.

Choopsa china, chimene munthu wa ku Nkhotakota angachiderere, ndi madziwo. Inu mumadziwa mwera, mumadziwa kusambira, koma nyanja yathu ndi yofunda. Zakumeneko zimakhala zoundana mpaka cha m'mwezi wa Meyi, ndipo mu Juni madzi amakhala akadali ozizira moti munthu akagwamo mpweya umabanika, manja amauma m'mphindi zochepa, ngakhale katswiri wosambira. Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse muli m'boti, osati kuikhalira. Mowa m'boti ndi mlandu ku Ontario.

Zimbalangondo zakuda ziliko, koma kawirikawiri zimathawa munthu. Chimene chimaziitana ndi fungo, ndiye matumbo a nsomba amakatayidwa kutali ndi nyumba, zinyalala sizigona pakhonde. Ine sindinachione n'chimodzi chomwe, ndinangoona mapazi pamchenga. Zimene zinandizunza ndi tintchentche takuda toluma kuseri kwa makutu, tochuluka kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, ndi udzudzu wa madzulo. Udzudzu wake ulibe malungo, koma ndi wochuluka ngati nkhungu za panyanja. Ngati muli ndi mwayi wosankha, pemphani kumapeto kwa Julaye kapena Ogasiti: madzi amakhala atafundako, tizilombo titachepa.

Nsomba yaikulu ya ulendowu ndi walleye, imene eni dziko ambiri amaitcha pickerel. Ndi yagolide m'mbali, maso ake amawala ngati a mphaka chifukwa imaona bwino mumdima, ndipo imadya nyambo kwambiri m'bandakucha, madzulo ndiponso kukachita mitambo ndi timafunde. Mnofu wake ndi woyera, wofewa, wa minga yochepa. Sindinganene kuti iposa chambo, koma ikhoza kukhala nacho mbale imodzi osachita manyazi. Inzake ndi northern pike, yaitali, yolusa ngati ncheni, ya mano ngati malezala. Chala m'kamwa mwake musaike, mbedza muzichotsa ndi pulayala. Mu Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndiye nthawi yowedza ndi yambiri kuposa mphamvu za munthu.

Apa ndipo pali chinthu chimene chidzakuvutani kuposa kuzizira. Nsomba zambiri zimene mudzagwire mudzazibwezera m'madzi. Tsiku loyamba ndinakoka walleye yaikulu, yonona, yoti kwathu banja lonse lidyere nsima kawiri. Mnzanga anaiyeza pa rula yomata m'boti, anaijambula, kenaka anati ndiibweze. Ndinamuyang'ana ngati wapenga. Ndiwo m'manja, n'kuziponyanso m'nyanja? Anandifotokozera modekha kuti kumpotoko nsomba zimakula pang'onopang'ono chifukwa chilimwe n'chachifupi, kuti zikuluzikuluzo n'zazikazi zoikira mazira ambiri, ndipo yoteroyo yatha zaka zambiri kuti ifike pamenepo. Lamulo nalonso limatero. Mlendo ku Ontario amagula khadi la boma lotchedwa Outdoors Card ndi laisensi yowedzera, ndipo laisensi ili mitundu iwiri. M'madera ambiri a kumeneko ya sport imalola walleye 4, ya conservation imalola 2, ndipo yopitirira masentimita 46 imaloledwa imodzi yokha. Zimene mwadya tsikulo ndi zimene zili mufiliji zimawerengedwa momwemo. Eni tinyumba ambiri amakhwimitsanso kuposa boma: kudya zapakatikati, zazikulu zonse kubweza. Ku Manitoba mbedza imayenera kukhala yophwanyidwa kandevu kake kuti nsomba ichoke osang'ambika. Malamulo amasiyana dera ndi dera, mkamwini aone a chaka chimenecho.

Ndinaibweza. Ndinaigwira m'madzi mpaka inapuma bwino, inandimenya ndi mchira n'kutsika. Dzanja linanjenjemera, koma sabata yonseyo sitinagone ndi njala, chifukwa paliponse tinaponya mbedza panali nsomba. Inu a ku Nkhotakota mukudziwa mmene mpasa unkakwerera mtsinje wa Bua kale ndi mmene ulili lero, mukudziwanso mtengo wa chambo mumsika wa Lilongwe. Sindikunyoza msodzi wathu, iye amawedza kuti ana adye pamene awo amawedza kuti apumule, ndipo njala siiyeza nsomba pa rula. Koma nzeruyi si yachilendo kwa ife. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa Mfumu Makanjira, asodzi amachokapo nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu wakhalapo zaka zambirimbiri. Mukakawafotokozera zimenezi asewere anu madzulo pamoto, adzadziwa kuti abwera ndi msodzi mnzawo.

Ndafika pa za mkamwini. Mwambo wathu ndimaulemekeza: mpongozi ndi mkamwini amapatsana mpata, ndipo mpatawo ndiwo ulemu. Koma taonani mmene iwo akuonera. Maulendo amenewa amuna a banja limodzi amapita chaka ndi chaka, nthawi zambiri kanyumba komweko, amasungitsa malo miyezi yambiri isanafike, ndipo mipando m'ndege ndi yowerengeka. Munthu wamba samuitana. Mnyamatayu alibe munda woti akakulimireni, sangakumangireni nkhokwe kapena kufolera denga monga akanachitira mkamwini wa ku Nkhotakota. Chimene ali nacho chamtengo wapatali ndi mpando umenewo, pafupi ndi bambo ake omubereka, ndipo waupereka kwa inu. Mukakana popanda chifukwa chimene angachimve, iye adzaganiza kuti simunamulandire, ndipo wovutika pakati adzakhala mwana wanu.

Ulemu wathu ukhoza kusungika ndithu. Tinyumba tambiri tili ndi zipinda zogona ziwiri kapena kuposa. Mwana wanu amuuze mwamuna wake kuti kwathu mpongozi sagona chipinda chimodzi ndi mkamwini ndipo savula pamaso pake. Anthu a kumeneko akauzidwa mwambo momveka amautsatira mosamala. Inu mugone ndi asewere anu, anyamata agone kwawo. M'boti namonso muyambe ndi asewere, akulu okhaokha. Koma ndikupempheni, tsiku limodzi lokha mukwere ndi mkamwiniyo, iye ali pa injini inu muli kutsogolo. Simufunika kulankhula zambiri. Mudzaona mmene amachitira mphepo ikasintha, chingwe chikakodwa, nsomba ikapulumuka, ndipo mudzabwera mukumudziwa munthu amene akusunga mwana wanu ndi chidzukulu chanu.

Pa makilogalamu anu 45 aja, awiri akhale a ufa. Mwana wanu akudziwa kumene amaugula ku Winnipeg, ndipo mthiko ali nawo. Iwo walleye amaisenga mnofu wokha, kuupaka ufa n'kuukazinga pamoto m'mphepete mwa nyanja, ndi mbatatesi ndi nyemba zam'chitini, mutu ndi mafupa n'kutaya. N'zokoma, mudzadya. Koma tsiku lina muwauze mpeni usanagwire ntchito kuti ziwiri akusiyireni zamitu. Muzipale mamba, muzitumbule nokha, muphike ndi tomato ndi anyezi, nsima muphikire mumphika waukulu umene mudzaupeze pamenepo. Ine nditatero, bambo ake a mnzanga, munthu amene anali atawedza nyanja imeneyo zaka zoposa makumi atatu, anasamba m'manja, anatema mbamu, nandifunsa kuti mutuwo amauyambira pati.