Kachigayo ka khofi pakhomo: kamanja kapena kamagetsi?

Funso: Ndimakhala pa boma la Mangochi ndipo ndimagula khofi wa Mzuzu wokazinga kale koma wosapera. Ndimamupera ndi kamakina ka mpeni wozungulira, koma akaphikidwa amawawa ndipo pansi pa kapu pamatsala matope. Ndikufuna kachigayo kabwino kosakwera mtengo kwambiri. Ndisankhe kotani?

Yankho: Mayi, vuto lili pa mpeniwo. Mpeni umangotema njere mwachisawawa, kotero zina zimasanduka fumbi pamene zina zimatsala zikuluzikulu ngati misere ya chimanga, ndipo mukathira madzi otentha fumbi lija limatulutsa kuwawa msanga zibenthu zazikulu zisanatulutse kukoma kwake. Funani kachigayo kamene pabokosi pake palembedwa kuti burr. Kameneka kali ndi mano awiri, lina lokhazikika ndi lina lozungulira, ndipo njere iliyonse imaphwanyidwa mpaka itakwana kudutsa pa mpata umene mwasankha nokha. Pa French press (kajagi kophikira khofi kokhala ndi sefa yachitsulo yokankhira pansi) mpatawo muukulitse, pa sefa ya pepala muuchepetseko.

Kwa inu ndikulangizani kamanja. Magetsi kwathu kuno amathima nthawi zosayembekezeka, ndiponso pa ndalama zofanana kachigayo kamanja kamakhala ndi mano abwino kuposa kamagetsi, chifukwa simulipirira mota. Mwa tizigayo tamanja, Timemore C2 ili ndi mano achitsulo akuthwa ndipo imapera magalamu pafupifupi 20 nthawi imodzi, omwe ndi okwanira makapu awiri ang'ono. Hario Skerton ili ndi mano a seramiki (chinthu cholimba ngati mbale zadothi) amene sachita dzimbiri, koma imapera pang'onopang'ono, ndipo mpata ukakula dzino lapakati limagwedera, ufa n'kutuluka wosafanana. Musanalipire, gwirani chitsulo chapakati chimene chogwirira chimalowapo n'kuchikankhira uku ndi uku. Chikamasewera, kasiyeni kachigayoko ngakhale katakhala kokongola bwanji.

Ngati pakhomo pali anthu ambiri omwa khofi ndipo mwasankha kamagetsi, Baratza Encore ndi yodalirika: mpata wake umasinthika m'magawo 40 ndipo zipangizo zake zosinthira zimagulitsidwa pazokha. Koma werengani kachikwangwani kamene kali pansi pake. Magetsi a m'Malawi ndi a 230V, pamene makina opangidwira ku America ndi a 120V, ndipo oterewa mukangowalumikiza pakhoma popanda thiransifoma mota imapsa. Izi muwauziretu achibale amene angakutumizireni kuchokera kunja.

Kuno kufupi ndi nyanja chinyontho chimawononga zitsulo, choncho mano achitsulo musawatsuke ndi madzi. Muziwapukuta ndi burashi youma sabata iliyonse, kachigayoko n'kukasunga m'kabati motalikirana ndi nthunzi ya pamoto. Musapereremo mtedza kapena zokometsera ndiwo, chifukwa mafuta ake amamatirira m'mano n'kuwononga fungo la khofi. Musanathire njere, ziyaleni pa mbale muone ngati mulibe timiyala, pakuti kamwala kamodzi kangathe kubenthula dzino la seramiki.