Za strut bar yowotcheretsa pa Corolla ija

Achimwene inu amene mukufuna kuwotcheretsa strut bar ya Corolla yanu, chitsulo chogwirizitsa mitu iwiri ya ma shoko akutsogolo, m'malo moitanitsa ya ku Japan, chonde imani kaye. Anzathu akuti ingopezani paipi mupite kwa wowotcherera basi zatha, anthu amenewo sanatsikepo Khwekhwerere, mtsetse wa pa msewu wa ku Golomoti uja, buleki itathawa, ine ndikulemba pano manja akuchita kunjenjemera ndikakumbuka.

Yanga ndi ngati yanuyo, Corolla ya mtundu wa NZE121 ya 1.5 automatic, ma shoko akutsogolo amamangidwa ndi manati atatu mbali iliyonse pamwamba paja mukatsegula boneti. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wowotcherera pa boma pa Dedza pompano, munthu woti aliyense amamutama kuti mageti ndi ma burglar bar ndi katswiri, ndinamuonetsa chithunzi cha strut bar pa foni iye amvekere aaa bwana izi ndi zazing'ono, pitani mukadye chips mukabwera mupeza zatha. Anatenga chitsulo chokhuthala ngati 8mm chotsala pa geti ya munthu, anadula ndi girayinda, anaboola, n'kuwotcherera paipi ya madzi ya galvanised pakati. Boneti itakana kutseka sanayambirenso ayi, anangoipinda paipiyo kuitsitsira kumbuyo cha ku mbali ya dalaivala komwe kuli master cylinder, pampu yokankha mafuta a buleki, ndi timapaipi ta buleki tija. Anapaka penti yofiira, kukongola kwake eee, anyamata a pa depoti amachita kundiimitsa kuti aone.

Chimene sanandiuze ndi choti mabawuti a pamwamba pa shoko aja ndi afupi, anawapangira kugwira bodi yokha. Ukaikapo chitsulo chokhuthala choncho nati imangogwira mazinga awiri kapena atatu. Iye anaona, sangalephere kuona munthu wogwira sipanala tsiku lililonse, koma anangomanga n'kutseka boneti n'kulandira ndalama zake. Ndiye ndi maenje a m'misewu yathuyi, kupita ku Bembeke, kupita ku Lizulu kokagula kabichi, manati a mbali ya dalaivala anayamba kumasuka, chitsulo chikugwedera, paipi yopinda ija ikukhukhuza kapaipi ka buleki pang'onopang'ono ine osadziwa. Kaphokoso kanalipo ndithu ka gu gu gu, ndinabwerera kukamuuza, anangogwedeza galimoto ndi dzanja n'kunena kuti ndi ma stabilizer link amenewo bwana, tizitsulo ta kunsi ku matayala, si ntchito yanga.

Tsiku lake tinali pa ulendo wa ku chinkhoswe ku Mtakataka. M'galimoto muli madam, apongozi anga aakazi, ana awiri, kubuti thumba la mbatata ya kachewere ndi mapoto. Takhota pa Masasa kusiya M1, tayamba kutsika, amene mumaudziwa msewu wa ku Golomoti mukudziwa mmene makona ake alili, uku phiri uku phompho, ukamaliza kona ina yakudikira kale. Makona oyamba bwinobwino. Kenako ndikumva buleki yayamba kufewa, ndikuti mwina atentha, ndiponde kachiwiri phazi linangopita mpaka pansi fwaa, kagetsi kofiira pa dashboard n'kuyaka. Achimwene thukuta linatuluka nthawi yomweyo ngakhale kunali kozizira. Kutsogolo kuli lole ya matumba a makala ikutsika mwapang'onopang'ono, ine ndikuiyandikira, kumbali kukubwera Sienta yodzadza anthu moti kupitirira sikutheka. Ndinayamba kupopa buleki ngati wamisala, kukoka giya kuika pa 2 kenako pa L, giya yotsikitsitsa, injini kulira ngati iphulika, dzanja lina pa handibuleki kukoka pang'onopang'ono chala chili pa batani kuti matayala akumbuyo asaloke, chifukwa ukangoikoka yonse kamodzi pa kona galimoto imatembenuka. Madam akukuwa dzina langa, apongozi ayamba kale pemphero mokweza Yesu Yesu tengani ife, ana okhawa muwasiye, mwana wamng'ono akuseka akuona ngati ndi masewera. Chimene chinatipulumutsa ndi choti galimoto zimenezi mabuleki ake anawagawa pawiri, paipi imodzi ikabooka matayala awiri amatsala akugwirabe, kungoti amagwirira pansi penipeni pa pedulo ndipo mphamvu yake ndi yochepa. Ndinaikhotetsera ku mbali ya phiri, tayala linalowa mu ngalande, bampala kukhula mwala, galasi la m'mbali kuthyoka, n'kuima. Lole ija inapitirira osadziwa n'komwe kuti kumbuyo kwake kunatsala pang'ono kuchitika maliro.

Nditatsegula boneti brake fluid ali ponseponse, wayenderera pa bodi mpaka penti yayamba kutupa, paja mafuta amenewa amadya penti. Kapaipi ka buleki kadyeka mbali imodzi kuchita kuwala ngati wina amakapala ndi fayilo, pakati pake kabowo kakang'ono ngati ka singano. Nati imodzi ya pa shoko palibe, inagwa kalekale, ina ndinaimasula ndi zala. Apongozi anatsika n'kukhala pa mwala osayankhula, chitenje atafunda kumutu, mpaka lero galimoto yanga sakwera, amalolera kudikira minibasi. Makaniko anachokera ku Golomoti pa njinga yamoto, anachotsa chitsulocho n'kuchiponya kubuti, anafinya paipi yobookayo kuti tingotsika pa L mpaka pansi, ku chinkhoswe tinafika anthu akutsuka mbale.

Ndiye mverani zomwe anayankha mkulu uja nditamutengera chitsulo chake. Akuti bwana ine ndimawotcherera, za mabuleki ndi za amakaniko, komanso munabwera nokha ndi chithunzi. Mxii. Ngakhale pepani osanena, kumangopitiriza kugogoda geti ya munthu ine nditaima pompo, mnyamata wake akuseka chakumbali. Ndinamufunsa kuti nanga manati ogwira mazinga awiri munawaona kapena ayi, akuti galimoto za ku Japan mabawuti ake ndi achabechabe. Munthu wamkulu ndi ndevu zake. Anthu amenewa vuto lawo sakana ntchito, chilichonse ndi zazing'ono bwana, ngakhale utawabweretsera ndege angakuuze kuti ubwere 4 koloko. Akanangonena kuti izi sindinapangepo bwenzi ndikumulemekeza mpaka pano.

Choncho ine ndikuti zisiyeni. Strut bar ntchito yake ndi kungogwirizitsa mitu iwiri ya ma shoko kuti bodi isamapindike ukamakhota mothamanga, basi, si yochotsa kugwedera, si yoletsa galimoto kukokera mbali imodzi. Ngati Corolla yanu ikuyandama pa kona yambani mwaona ma shoko enieniwo, mabushi a control arm, ma ball joint, ma rack end ndi tie rod end, mpweya wa m'matayala, kenako alayimenti. Zambiri zimathera pamenepo. Galimoto yoti ikunyamula matumba a mbatata ku Tsangano chitsulo chimenechi sichingaithandize kanthu.

Komabe ndisakunamizeni, nthawi imene manati anali asanamasuke galimoto imakhota mokoma, chiwongolero chimamvera ukangochigwira, moti ine ndinapangitsa ina kwa mnyamata wina wa ku Ntcheu amene amakonza ma ekizozi ndipo ilipo mpaka pano. Ngati mtima wanu wakakamira, pangani chonchi. Dulani katoni kaye muyeze mabowo atatu aja mbali zonse, chitsulo cha pansi chikhale 3mm kapena 4mm osapitirira, mukamanga nati ilowe yonse mazinga ena atsale akuoneka pamwamba, zikakanika pamenepo ntchito ithere pompo. Paipi ya madzi ayi, ndi yolemera chabe komanso utsi wa galvanised ukamawotcherera umadwalitsa, pezani chubu chachitsulo wamba ndipo chikhale chowongoka mmene mungathere, chopindapinda chimangopindika m'malo mogwira. Poyeza galimoto ikhale pamalo a fulati matayala onse ali pansi, osati pa jeke, apo ayi mukaitsitsa mabowo sagwirizana ndipo mudzakakamiza. Wowotchererayo achotse batire asanayatse makina, ECU, kompyuta ya galimoto ija, ikapsa mulira, pagalimotopo angodontheza timadontho togwirizira basi, kuwotcherera kwenikweni akapangire pansi, pang'onopang'ono akusiya kuti chizizire chifukwa moto umakoka chitsulo.

Ndipo muimepo nokha osapita kokadya chips. Pisani zala ziwiri pakati pa chitsulocho ndi mapaipi a buleki, kabotolo ka brake fluid, mawaya, paliponse, zala zikakana kulowa akonzenso. Injini nayo imagwedezeka pa ma mounting ake ukaponda moto ndiye isiyireni mpata. Za boneti ikani kambamu ka nsima kapena dongo pamwamba pa chubu mutseke bwinobwino, mukatsegula muone kaphwanyika bwanji, kakaphwatalala mpaka chitsulo kuonekera ndiye kuti chikugunda. Mukayenda nayo sabata yoyamba bwererani ndi sipanala pa manati onse 6, ndipo kaphokoso kalikonse kachilendo musamvere za stabilizer link, tsegulani boneti muone nokha.

Katoni yanga yoyezera ndikanali nayo, ngati yanu ilidi NZE121 ndipezeni ku inbox mudzatenge mukamadutsa pa Dedza, koma mubwere ndi galimotoyo ndione kaye ma shoko akewo chifukwa ine ndikukayika kuti ndi amoyo.