Ana m'gulu la masapota: akavulala kapena kupalamula, adzagwira yani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chitakale ku Mulanje, mlembi wa kagulu ka masapota a timu ina yaikulu ya ku Blantyre. Ndingowatchula kuti a Mlembi. Mwachidule analemba motere:

"Timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo kukakhala masewero aakulu timachita hayala galimoto kupita ku Kamuzu Stadium. Pano kwabwera anyamata a zaka 13, 14 ndi 15, ena odziwa ng'oma kuposa ife akuluakulu. Komiti yagawanika. Ena akuti tiwathamangitse, ena akuti kholo likangosaina kalata ndiye kuti tapulumuka. Lamulo likuti chiyani? Mwana atavulala, kapena atagenda galimoto ya eni, adzagwira yani?"

A Mlembi, zikomo pofunsa zinthu zisanavute. Ambiri timafunsa funso ili titaima kale pakhomo la chipatala.

Ndiyambe ndi kuti mwana ndi ndani, chifukwa apa mpamene ambiri amasokonezeka. Kale Malamulo Aakulu a dziko lino ankati mwana ndi wosakwana zaka 16. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha gawo 23, ndipo kuyambira pamenepo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Choncho mnyamata wa Fomu 3 uja, wa ndevu zoyamba kumera, amene amanyamula yekha thumba la feteleza kuchokera pamsika mpaka kwawo, akadali mwana pamaso pa khoti ngati sanafike 18. Musayeze ndi maso. Amene wakwana zaka 16 amayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika, muuzeni akuonetseni. Ocheperapo, funsani kalata ya kubadwa kapena buku la kusikelo.

Palibe lamulo loletsa mwana kukonda timu, kuimba ng'oma kapena kulembetsa m'gulu longa lanu. Zaka zolowera mumaika nokha m'malamulo a gulu. Amene akuti muwathamangitse sakulankhula za lamulo, akulankhula za mantha, ndipo mantha awowo ndikuwamvetsa. Koma ine sindikugwirizana nawo. Mwana wa ku Nkando kapena ku Limbuli amene mwamukaniza sasiya kukonda mpira. Adzapita ndithu, koma adzapita yekha, atadziphatika kumbuyo kwa lole ya nthochi, popanda wamkulu womudziwa dzina.

Komanso a kalata aja akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawo n'koopsa kuposa koyambaku. Kalata ya kholo imasonyeza chinthu chimodzi: kuti simunamutenge mwanayo mozemba. Sikukupatsani chilolezo chochita zinthu mosasamala. Mwana akangokwera galimoto imene inu mwachita hayala, udindo womuyang'anira uli m'manja mwanu kufikira mutamubweza. Mukamukweza pamwamba pa lole yodzaza, dalaivala atamwa, n'kugwa pa msewu wa Midima, kholo lingathe kukusumirani mlandu wa kusasamala, kalata yake yomweyo ili m'thumba mwanu. Ndipo popeza magulu ambiri otere salembetsedwa ku boma, khoti siliona "gulu" ngati munthu woti n'kumuzenga mlandu. Limaona anthu amene anakonza ulendowo: wapampando, msungichuma, ndi inu amene munalemba mayina. Kulembetsa gulu pansi pa lamulo lolembetsera mabungwe la Trustees Incorporation Act kumathandiza pa nkhani ya ndalama ndi katundu, koma ngakhale pamenepo munthu amene walekerera mwana amayankhabe yekha.

Nkhani ya galimoto ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi pamene timataya ana. Lole ndi yotchipa, ndikudziwa, ndipo imakoma poimba. Koma inshuwalansi ya galimoto yonyamula katundu kawirikawiri siteteza anthu okwera kumbuyo. Ngozi ikachitika mwini lole adzaloza dalaivala, dalaivala adzaloza inu. Ulendo umene muli ana ukhale wa minibasi kapena kosta, yokhala ndi mapepala oyenera, ndipo wina wa komiti aone yekha chiphaso cha dalaivala ndi pepala la inshuwalansi asanapereke ndalama. Ndalama zikaperewera, ana atsale ulendo umenewo, akaonere pa kanema. Kulira kwa tsiku limodzi kumatha.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 12 anapita ku mpira ndi gulu lina la kwathu kuno. Pobwerera anaima mu Limbe kuti anthu agule chakudya, iye n'kutsika kukataya madzi kuseri kwa sitolo. Galimoto inanyamuka. Palibe anawerenga anthu, aliyense ankaganiza kuti mwanayo wakhala ndi mnzake. Anadzazindikira atadutsa kale pa Thuchila. Tinakamupeza cha m'ma 11 koloko usiku atakhala pa katoni pafupi ndi mbaula ya mayi wina wootcha chimanga, atamufunditsa chitenje chake, vuvuzela akadaigwirabe m'manja, patapata imodzi itaduka. Mayiyo anakana kupita kwawo mpaka abale a mwanayo atabwera. Gulu lija linali ndi kalata yosainidwa bwinobwino. Chimene linalibe ndi munthu mmodzi woti ntchito yake ikhale kuitana mayina.

Ku bwalo kwenikweniko, musaiwale za pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene anthu asanu ndi atatu anafa popondana pa geti, asanu ndi awiri mwa iwo ali ana. Khamu likayamba kukankhana, wamfupi ndiye amayamba kusowa mpweya. Pa masewero a Maule ndi Manoma fikani msanga, lowani geti lisanadzaze, ndipo potuluka dikirani anthu achepe.

Tsopano mbali inayo, mwana akapalamula. Gawo 14 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limati wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu. Wa zaka 10 mpaka asanakwane 14 amazengedwa pokhapokha zitatsimikizika kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zolakwa. Kuyambira 14 amayankha yekha, koma ku khoti la ana limene linakhazikitsidwa ndi lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, kholo kapena womulera ali pomwepo. Milandu ing'onoing'ono ingathe kuthera kunja kwa khoti, mwana n'kupepesa kapena kubweza chimene waononga. Ikuluikulu ingamufikitse kumalo osinthira khalidwe monga ku Mpemba kapena ku Chilwa. Inu simumangidwa chabe chifukwa mwana wa m'gulu lanu wagenda. Koma wamkulu amene wamutuma, kapena kumupatsira mwala, lamulo limamutenga ngati wagenda ndi iye. Izi muwauze mosabisa anzanu aja amene timu ikagonja amakonda kukuwa kuti "aphwanyeni".

Palinso zina zimene lamulo silinyengerera. Kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 n'koletsedwa, kubetcha nakonso, ndiye wamkulu asamatume mwana kukamuikira tikiti ya beti kapena kukamugulira kabotolo. Ndipo ngati m'gulumo muli atsikana, pakhale mayi wamkulu wowayang'anira pa ulendo uliwonse. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika kundende moyo wonse, ndipo komiti imene yamva mphekesera n'kukhala chete poteteza dzina la gulu yamupereka mwanayo. Zotere pitani nazo ku Victim Support Unit ya polisi, ku ofesi ya Social Welfare pa boma, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ndikanakhala pa mpando wanu ndikanachita motere. Osakwana 13 azibwera ku zochitika za pamudzi ndi pa Mulanje Park masana, kholo kapena mkulu wawo ali pafupi, koma ulendo wa ku Blantyre ayi. A zaka 13 mpaka 17 alembedwe m'kaundula wawowawo, asasunge ndalama za gulu, asasaine pangano lililonse ndi mwini galimoto, ndipo wamkulu mmodzi wosamwa tsiku limenelo asapatsidwe ana oposa anayi kapena asanu. Gulu lanu la pa WhatsApp limene akuluakulu amatukwanizanapo usiku, ana asakhalemo. Uthenga wa ulendo uzipita pa foni ya kholo.

Kalata ija ilembeni ndithu, koma ikhale ya ulendo uliwonse payokha: tsiku, kumene mukupita, nthawi yobwerera, nambala ya foni, ndi matenda amene mwanayo ali nawo monga mphumu kapena khunyu. Funso limene simunafunse koma mudzakumana nalo ndi lakuti asaine ndani. Kuno kwathu ana ambiri bambo awo ali ku Joni kapena ku esiteti, ena akuleredwa ndi agogo, ndipo mwambo wathu umapereka mawu aakulu kwa amalume, eni mbumba. Asaine amene akugona naye nyumba imodzi ndi kumudyetsa, kaya ndi mayi kaya ndi agogo, ndipo ngati satha kulemba adinde chala pali mboni. Koma musangopatsira mwana pepala kuti akasainitse, chifukwa adzakasainitsa kwa mnzake kuseri kwa kalasi. Pitani nokha pakhomopo, mukhale pamkeka, muwafotokozere. Amalume akakhala pafupi aitanitseni amve nawo, popeza zinthu zikadzavuta ndi iwo amene adzabwere kwanu m'mamawa.

Mundilembere komiti ikakumana, a Mlembi, makamaka mundiuze amene mwamusankha kuti aziitana mayina ponyamuka pa Chitakale, potuluka m'bwalo, ndi paliponse pamene galimoto yaima.