Kuyeza albumin mumkodzo pa kafukufuku wa m'midzi ya ku Thyolo

Achemwali, mwafunsa ngati pa kafukufuku wanu wa impso m'midzi ya ku Thyolo mugwiritse ntchito dipstick (kapepala koviika mumkodzo) kapena mutolere mkodzo wa maola 24. Ife tikuti tengani ACR, kuyerekeza albumin (puloteni ya m'magazi imene imatulukira mumkodzo impso zikawonongeka) ndi creatinine (zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimatulutsa) mumkodzo wa ulendo umodzi.

Wa maola 24 uja ndi wolondola, koma munthu amene akukathyola tiyi kuesiteti sangayende ndi chigubu tsiku lonse, ndipo akaphonya kukodzeramo kamodzi, zotsatira zalakwika. Dipstick wamba imaona albumin ikakhala yambiri kale, komanso imasokonezeka mkodzo ukasungunuka chifukwa chomwa madzi ambiri. Creatinine ndi amene amakonza vuto la kusungunukali, chifukwa naye amasungunuka mofanana ndi albumin.

Perekani kabotolo madzulo, munthuyo atunge mkodzo woyamba wa m'mawa, wapakati (osati woyambirira kutuluka), asanapite kumunda. Mamililita 10 ndi okwanira. ACR ikakhala pansi pa 30 mg/g zili bwino, 30 mpaka 300 yakwera, kupitirira 300 yakwera kwambiri. Ngati labu ikulemba mu mg/mmol, malire ake ndi 3 ndi 30.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Malungo, ntchito yakalavulagaga ya dzulo, msambo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena BP yokwera kwambiri, zonsezi zimakweza albumin kwa kanthawi. Likodzo musaliiwale chonde, chifukwa magazi mumkodzo amanamiza zotsatira. Ndiye dipstick musaitaye: yambani nayo poona magazi, nitrite ndi leukocytes (zizindikiro za matenda a m'chikhodzodzo), ndipo wopezeka nazo alandire thandizo kaye, mudzamuyezenso. Kuyeza kamodzi sikokwanira kuuza munthu kuti ali ndi matenda a impso. Mumafunika kupeza albumin yokwera kawiri pa maulendo atatu, m'miyezi itatu mpaka 6. Anthu owonda ndi okalamba amatulutsa creatinine wochepa, choncho ACR yawo imaoneka yokwera kuposa momwe ilili.

Potenga, ikani mabotolo mu kula bokosi ya ayisi. Mufiriji ya madigiri 2 mpaka 8 mkodzo umakhala bwino sabata imodzi. Ukafuna kusungidwa miyezi, uikeni pa -80. Pa -20 albumin imatsika pang'onopang'ono. Magetsi akamazimazima, kuuma ndi kusungunuka mobwerezabwereza kumauwononganso. Ukasungunuka, ugwedezeni bwino musanayeze, ndipo kafukufuku yense ayezedwe pa makina amodzi ndi njira imodzi, monga immunoturbidimetry, kuti manambala a ku Bvumbwe ndi a ku Luchenza athe kuyerekezeka.