Chifukwa chake nsomba zimakana nyambo kukatentha kwambiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zanga, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe poyera, popeza ambiri amene amagwira mbedza anakumanapo ndi zimene iwo akudandaula. Bambowa akuti pali damu limene akhala akuwedzamo kwa zaka zingapo, ndipo m'miyezi yozizira sabwerako chimanjamanja, koma kutentha kukangofika pachimake zonse zimasokonekera. Poganiza kuti nsomba zathawira pansi kumene madzi ndi ozizira, anatalikitsa chingwe mpaka nyambo kukafika pa mamita 8, koma tsiku lonse palibe ngakhale imodzi imene inagwedeza. Tsiku lina analawirira mbandakucha ndipo anapeza nsomba zambirimbiri zitasonkhana pamwamba pa madzi zili kukamwa yasa, anaponya nyambo pakati pawo penipeni, koma sizinaiyang'ane n'komwe. Funso lawo ndi lakuti kodi vuto ndi nyambo, kapena nsombazo zachenjera.

Bambo, nyambo yanu ilibe mlandu, ndipo nsombazo sizinaphunzire chilichonse chatsopano. Zonse ziwiri zimene munaonazo zili ndi gwero limodzi, ndilo kuchepa kwa mpweya wa okosijeni m'madzi. Nsomba imene ikuvutika kupuma siganiza za chakudya, ndipo m'nyengo yotentha msodzi amene akufuna kuzipeza ayenera kuyamba wadzifunsa kuti mpweya uli pati, asanadzifunse kuti nsomba zili pati.

Ife amene timapuma pamtunda sitiganizirako za nkhaniyi chifukwa mpweya watizinga mbali zonse ndipo magawo 21 pa 100 alionse a mpweyawo ndi okosijeni. Nsomba ilibe mwayi wotere. Imadalira okosijeni wochepa amene wasungunuka m'madzi, ndipo imamusefa ndi makha ake, ziwalo zofiira zija zili m'mbali mwa mutu. Lita imodzi ya madzi imasunga okosijeni wochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi lita imodzi ya mpweya, komanso madzi ndi olemera, kotero kuti kuwakoka m'kamwa ndi kuwatulutsira m'makha ndi ntchito yodya mphamvu. Madzi akamatentha amasunga okosijeni wocheperachepera. Madzi opanda mchere a madigiri 10 angathe kusunga mamiligalamu pafupifupi 11.3 pa lita, a madigiri 20 amasunga 9.1, ndipo akafika madigiri 30 amangosunga 7.6. Manambalawa ndi a madzi amene akhuta mpweya mmene angathere, ndipo m'madera okwera kwambiri kapena m'madzi amchere amatsikanso.

Kutsika kumeneku pakokha sikukanakhala koopsa. Chimene chimaipitsa zinthu n'chakuti thupi la nsomba limatentha mofanana ndi madzi amene ikukhalamo, ndipo madzi akakwera ndi madigiri 10 thupilo limafuna okosijeni wochuluka pafupifupi kawiri. Choncho pa nthawi imene madzi akupereka zochepa, m'pamenenso nsomba ikufuna zambiri. Mitundu yambiri imayamba kuvutika okosijeni akatsika kupitirira mamiligalamu 5 pa lita, ndipo akafika pa 2 yambiri imathawa kapena kufa ngati palibe kothawira. Pali mfundo ina imene asodzi ambiri saidziwa, koma ndi imene ikuyankha funso lanu mwachindunji: kugaya chakudya nakonso kumadya okosijeni. Nsomba ikameza chakudya, thupi lake limafuna mpweya wowonjezera kwa maola angapo, moti nsomba imene ikupuma movutikira kale imaleka kudya kuti isadziwonjezere katundu. Alimi a nsomba amaidziwa bwino mfundo imeneyi, ndipo n'chifukwa chake mlimi wosamala sathira chakudya m'dziwe m'mawa umene wapeza nsomba zake zikuyasamula pamwamba.

Tiyeni tione za mamita 8 aja, chifukwa maganizo anu anali olondola theka. N'zoona kuti pansi pamazizira. Madzi otentha ndi opepuka kuposa ozizira, ndipo dzuwa likawomba kwa masabata angapo, damu lakuya limagawikana: pamwamba pamakhala madzi ofunda amene mphepo imawavundula, pansi pamakhala madzi ozizira amene sasuntha, ndipo pakati pamakhala kagawo kamene kutentha kumatsika mofulumira pa mita iliyonse. Aliyense amene anasambirapo m'damu n'kumva kuzizira kumapazi pamene mapewa akumva kufunda anakakhudzapo kagawo kameneka. Chovuta n'chakuti madzi a pansiwo amakhala atatsekeredwa. Sakumana ndi mphepo, kuwala kwa dzuwa sikufikako kokwanira kuti zomera zipange okosijeni, koma tsiku ndi tsiku kumagwera ndere zakufa, masamba ndi zinyalala zina, ndipo mabakiteriya amene amaoletsa zinthu zimenezi amamaliza mpweya wonse umene unalipo. M'damu la madzi obiriwira, pofika pakati pa nyengo yotentha pansi pamakhala pozizira bwino koma popanda choti n'kupuma, ndipo ndikukhulupirira kuti nyambo yanu inakhala tsiku lonse m'malo otere.

Mungathe kutsimikiza zimenezi ndi maso ndi mphuno zanu. Kolowekani nyongolotsi yamoyo, yonenepa ndi yophiriphitha, muitsitsire pansi penipeni, ndipo pakapita kanthawi muikoke. Ikabwera ili lende, yotuwa, yosagundika ngakhale mutaikhudza, pamene inzake imene munaisiya pa mamita awiri ikadali kupindikapindika, dziwani kuti pansipo si pokhala nsomba. Nunkhizaninso chitsulo cholemetsa chingwe chikakhudza matope. Matope akuda bii onunkha ngati dzira lovunda amasonyeza kuti kumeneko okosijeni anatha kalekale, chifukwa fungo limeneli limapangidwa ndi mabakiteriya amene amakhala kopanda mpweya. Amene akufuna manambala enieni angagwiritse ntchito kachipangizo koyezera okosijeni kokhala ndi chingwe chachitali, kapena timabotolo ta mankhwala totsatira njira imene Lajos Winkler wa ku Hungary anatulukira mu 1888, koma kwa wowedza wamba nyongolotsi ija ndi mboni yokwanira.

Nsomba zimapezeka zitapanikizika pakati, pamwamba kukutentha, pansi kulibe mpweya. Katswiri wina wa ku America, Charles Coutant, analemba za mpanipani umenewu mu 1985 atafufuza nsomba zotchedwa striped bass za m'madamu akuluakulu, zimene m'nyengo yotentha zinkaunjikana m'timalo tochepa ta madzi ozizira okhala ndi mpweya, monga pa akasupe ndi pamene timitsinje tikuthira, mpaka zina kuwonda ndi kufa chifukwa sizinkatha kuchokapo kukasaka chakudya. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti m'damu logawikana nsomba zambiri zimakhala pamwamba pang'ono pa kagawo kapakati kaja, mwina mamita atatu kapena anayi kuchokera pamwamba ngakhale damulo litakhala lakuya kawiri kuposa pamenepo. Yambani ndi chingwe chachifupi, muzitalikitsa theka la mita nthawi iliyonse, ndipo mukapeza pamene zikudya, fufuzani malo amene nthaka ya pansi pa damu, miyala kapena mitengo yomira ili pa kuya komweko. Ndiyenera kunena kuti si nyanja iliyonse imene ili chonchi. M'nyanja zakuya za madzi oyera mbee, mmene zovunda ndi zochepa, madzi a pansi amasunga mpweya nyengo yonse, ndipo nsomba zokonda kuzizira monga trout zimatsikiradi kumeneko. Mtundu wa madzi ndi umene ungakuuzeni kuti muli pa nyanja yotani. Komanso pali nyanja zina zimene pansi pake pamakhala popanda mpweya chaka chonse: Tanganyika ndi yakuya mamita oposa 1,400, koma nsomba zake zonse zimakhala m'gawo laling'ono la pamwamba.

Za mbandakucha zija ndiye zimandikhudza kwambiri, chifukwa zimene munaonazo sizinali nsomba zosaka chakudya, zinali nsomba zolimbana ndi imfa. Masana ndere ndi udzu wa m'madzi zimapanga okosijeni pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, moti pofika chakumadzulo madzi obiriwira amakhala atadzaza mpweya, nthawi zina kuposa muyezo uja ndatchula. Dzuwa likalowa ntchitoyi imaima, koma kupuma sikuima: ndere zomwezo, udzu, mabakiteriya, tizilombo ndi nsomba, zonse zimakoka mpweya usiku wonse. Okosijeni amatsika ola ndi ola ndipo amakhala wochepa kwambiri kutangotsala pang'ono kucha. Pa nthawi imeneyo nsomba zimakwera n'kumakoka kagawo kopyapyala ka madzi a pamwamba penipeni, amene akukhudzana ndi mpweya wa kunja. Mukaziyang'ana bwino mudzaona mitu itapendekera m'mwamba, milomo ikutseguka ndi kutsekeka mofulumira, ndipo mukaomba m'manja zimamira pang'ono n'kubwereranso nthawi yomweyo. Dzuwa likakwera zimasowa chifukwa ndere zayambiranso ntchito. Tonse tinaphunzitsidwa kuti m'mamawa ndiyo nthawi yabwino yowedza, ndipo pa mtsinje woyenda kapena nyanja yaikulu ya madzi oyera langizoli likadali loona, popeza madzi amakhala atazizirako usiku. Koma pa damu laudzu, lobiriwira ndi lopanda mphepo, m'masabata otentha kwambiri, ine ndingakulangizeni kuti mugone mokwanira, mupite chakumadzulo, dzuwa litapendeka, pamene mpweya uli wochuluka ndipo kutentha kwayamba kuchepa.

Masiku oopsa kwambiri ndi a mitambo, otentha ndiponso a bata, makamaka akatsatizana awiri kapena atatu, chifukwa ndere sizipanga mpweya wokwanira masana koma usiku zimadya monga mwa nthawi zonse. Mvula yamkuntho yobwera mwadzidzidzi pambuyo pa kutentha kwa nthawi yaitali ingathenso kupha nsomba: imaziziritsa madzi a pamwamba, iwo n'kumira, ndipo madzi opanda mpweya a pansi amasakanikirana ndi damu lonse m'maola ochepa. Zotere zinachitika mu Januwale 2019 pa mtsinje wa Darling, pafupi ndi Menindee ku Australia, kumene kunja kunazizira mwadzidzidzi pambuyo pa kutentha koopsa, ndipo nsomba zankhaninkhani zinayandama zitafa. Feteleza ndi zonyansa zokokoloka kuchokera kumtunda zimakulitsa vutoli chifukwa zimadyetsa ndere, ndipo ndere zikachuluka, zovunda nazonso zimachuluka.

Nanga muponye kuti? Kulikonse kumene madzi akuyenda kapena kuvunduka. Pamene mtsinje ukuthira m'damu pamabwera madzi atsopano, kawirikawiri ozizirako, ndipo pamabweranso chakudya. Kunsi kwa mathithi ndi pa miyala pamene madzi akuchita thovu, mpweya umalowa usana ndi usiku osadalira dzuwa. Gombe limene mphepo ikuwombako, limene ambiri amalithawa chifukwa mafunde amavutitsa poponya, nthawi zambiri ndi labwino kuposa gombe la bata, popeza mafunde amalowetsa mpweya komanso amakankhira tizakudya kumeneko. Udzu wa m'madzi wobiriwira ndi wamoyo ndi wabwino masana, koma udzu wofiirira umene wayamba kuvunda muzingoudutsa. Akasupe ali ndi kachinsinsi kawo: madzi otumphuka pansi pa nthaka ndi ozizira koma kawirikawiri amatuluka ali ndi mpweya wochepa, choncho nsomba zimakonda kukhala chapatali pang'ono, pamene madziwo asakanikirana ndi ena. Ndipo popeza nsomba ya m'madzi otentha sifuna kuthamangitsa chinthu mtunda wautali, nyambo yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono, yofika pafupi ndi pakamwa pake, imachita bwino kuposa yaikulu yothamanga.

Mitundu ya nsomba nayonso imasiyana kwambiri. Trout ndi salmon, nsomba za m'madzi ozizira, zimayamba kuvutika pamene carp ndi tilapia (gulu la chambo), zopirira madzi ofunda, zikadali bwinobwino. Mlamba uli ndi chiwalo chapadera pamwamba pa makha chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja, n'chifukwa chake mumauona ukutumphuka kamodzi, kumeza mpweya n'kubwerera pansi, ndipo ungathe kudya nyambo m'madzi amene nsomba zina zonse zasiya kudya. Ngati damu lanu lili ndi milamba, m'masabata ovutawa ndiyo ingakupulumutseni kuti musabwerere chimanjamanja.

Simunanene ngati nsomba zimene mumagwira mumazitenga kapena mumazibweza m'madzi, koma ngati mumabweza, chonde samalani kwambiri m'nyengo ino. Nsomba imene yalimbana ndi chingwe kwa nthawi yaitali imakhala itatha mphamvu, ndipo kuti ichire imafunika mpweya wochuluka umene madzi otentha alibe, moti ingathe kusambira kuchoka m'manja mwanu ikuoneka yamoyo n'kukafa patapita maola angapo. Asodzi ambiri a trout amasiya kuwedza madzi akafika madigiri 20, ndipo ku Montana, ku America, boma limaletsa kuwedza kuyambira 2 koloko masana mpaka pakati pa usiku m'mitsinje imene yatentha kwambiri. Gwiritsani ntchito chingwe cholimba kuti kulimbanako kuthe msanga, nyowetsani manja musanaigwire, chotsani mbedza nsombayo ili m'madzi, ndipo muigwirizize mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka itadzichotsa yokha m'manja mwanu. Imene mwaikoka kuchokera m'gawo lozizira muibwezere pamalo akuya, osati m'madzi ofunda a m'mphepete ofika m'mawondo.

Mukadzapitanso ku damu lanu, tengani nyongolotsi zingapo zoyesera, muyambe ndi pamene mtsinje ukulowera kapena gombe la mafunde, nthawi ikhale chakumadzulo, chingwe chikhale cha mamita awiri kapena atatu. Mukadzapezanso nsomba zili yasa pamwamba osamira mpaka dzuwa kukwera, musaponye mbedza tsiku limenelo, koma mudziwitse eni damulo kapena oyang'anira za nsomba m'dera lanu, chifukwa kupopa madzi n'kuwamwaza m'mwamba usiku kungapulumutse nsomba zambiri ngati kwachitika msanga. Mudzandilemberenso kundiuza kuya kumene nyongolotsi yanu inayambira kufooka.