Vidiyo ya mbiri ya Rome 1960: tsatirani msewu umene Abebe Bikila anathamanga

Aphunzitsi ena a mbiri pasukulu ya sekondale atilembera imelo. Akuti ataonera Olimpiki ya ku Paris ya 2024, pamene volleyball ya pamchenga inkaseweredwa m'munsi mwa Eiffel Tower ndipo mahatchi ankapikisana m'munda wa nyumba yachifumu ya Versailles, anaganiza zopanga vidiyo ya pa YouTube m'Chichewa yonena za malo khumi akale amene anasandutsidwapo mabwalo amasewera. Ali ndi foni, laputopu yakale ndi bandulo yoperewera. Akufunsa kuti ayambire pati, ndiponso kuti makanema a mipikisanoyo angawapeze kuti.

Aphunzitsi, malo khumiwo muwasiye kaye. Vidiyo ya mphindi 10 mukaigawa pakhumi, malo aliwonse apatsidwa mphindi imodzi, yongokwanira kutchula dzina, chaka ndi masewera ake. Woonera akafika pa malo achinayi amakhala ataiwala oyamba aja. Sankhani mzinda umodzi, tsiku limodzi ndi munthu mmodzi amene akudutsa m'malo akalewo, kuti ulendo wake ndiwo ulumikize nkhani yonse. Ife tikukulangizani Rome, pa 10 September 1960, tsiku limene Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ali wopanda nsapato.

Okonza Olimpiki ya chaka chimenecho anachita dala kuika masewera ena m'mabwinja. Gymnastics inachitikira ku Baths of Caracalla, mabafa akuluakulu amene anatsegulidwa m'chaka cha 216. Masewera ogwetsana anachitikira mu Basilica of Maxentius, pansi pa madenga atatu okhota amene anatsala nyumbayo itagwa. Marathon sinayambire kapena kuthera m'bwalo lalikulu monga zinkachitikira m'mbuyomo. Inayambira paphiri la Campidoglio chakumadzulo pothawa kutentha, n'kutuluka mumzinda, n'kubwerera kudzera mu msewu wakale wa Aroma wa Via Appia Antica kutada, asilikali ataima m'mbali mwa msewu ndi miuni. Inathera pa Arch of Constantine, chipata chachikulu chamwala chimene chili pafupi ndi bwalo lakale la Colosseum. Bikila, msilikali wa gulu lolondera mfumu Haile Selassie, anavala nambala 11 ndipo anathamanga makilomita 42.195 m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16.2. Rhadi Ben Abdesselam wa ku Morocco anafika patadutsa masekondi 25, wachitatu anali Barry Magee wa ku New Zealand.

Mtima wa vidiyo yanu uli pa chipilala cha Axum, ndipo pamenepo mpamene muyenera kuthera nthawi yambiri. Dziko la Italy, Mussolini akulamulira, linalowerera Ethiopia mu October 1935 n'kulanda Addis Ababa mu May 1936. Mu 1937 Ataliyana ananyamula chipilala chamwala chotalika mamita 24 kuchokera kumzinda wakale wa Axum, n'kukachiimika ku Piazza di Porta Capena, kutsogolo kwa nyumba imene inamangidwira unduna woona za maiko a mu Africa olamulidwa ndi Italy. Nyumbayo pambuyo pake inakhala likulu la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi. Othamanga a 1960 anadutsa pa chipilalacho, ndipo kuchokera pamenepo kukafika pothera ndi mtunda wochepa chabe. Ndiye kuti msilikali wa ku Ethiopia anadutsa pa katundu wolandidwa kwawo, mumzinda wa amene anawalanda, akupita kukatenga mendulo yagolide. Simufunika kuwonjezera mchere pa nkhani imeneyi. Ingoonetsani chithunzi cha 1937, mapu a msewu ndi chithunzi cha Bikila, woonera alumikiza yekha.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti chipilalacho ku Rome kulibenso. Chinabwezedwa ku Ethiopia mu 2005 pandege, chili m'zigawo zitatu, ndipo chinaimikidwanso ku Axum mu 2008. Mukatsegula Street View, zithunzi za m'misewu za pa Google Maps, pa Porta Capena lero simuchipeza. Ena akachisowa amatenga chithunzi cha chipilala china cha mu Rome, chifukwa mumzindamo muli zipilala zambiri zochokera ku Egypt, n'kulemba kuti cha Axum. Cha Axum chimadziwika: anachisema ngati nyumba yosanjikizana, chili ndi zitseko ndi mawindo onamizira, ndipo pamwamba pake mpozungulira, si posongoka.

Palinso nkhani ina yaing'ono imene ingakome pakati pa vidiyo. Arch of Constantine inapatulidwa mu 315 pokumbukira kuti mfumu Constantine anagonjetsa mfumu inzake ya Aroma, Maxentius, pa mlatho wa Milvian mu 312. Choncho ogwetsana a 1960 ankalimbana m'nyumba ya wogonjayo, pamene othamanga ankathera pa chipata cha wopambanayo. Samalani ndi nambala 312. Via Appia inayamba kumangidwa mu 312 BC, nkhondo ya pa mlathoyo inachitika mu 312 AD, ndipo pakati pake pali zaka zoposa 600. Pakanema lembani BC kapena AD nthawi iliyonse, apo ayi ana asukulu akalemba zosokonekera pamayeso.

Tsopano za makanema, lomwe ndi funso lanu lenileni. Makanema a mipikisano ya Olimpiki ali ndi mwini wake, bungwe loyendetsa Olimpiki la IOC, ndipo a 1960, ngakhale ndi akale, akadali ake. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amayerekeza zimene mwakweza ndi zimene eni ake analembetsa. Akapeza zofanana, vidiyo yanu imalandira claim: itha kutsekedwa m'maiko ena kapena kulikonse, kapena ndalama za malonda n'kumapita kwa mwiniwakeyo. Choopsa kwambiri ndi strike, imene imabwera mwiniwake akapempha kuti vidiyo ichotsedwe. Ma strike atatu m'masiku 90 amatseketsa tchanelo chonse. Zimene anthu amauzana zoti masekondi ochepa saletsa, kapena kuti ukatembenuza chithunzi sugwidwa, kapena kuti kulemba kuti "kanemayu si wanga" kumakuteteza, musazikhulupirire. Palibe lamulo lotero. Kanema wa mpikisanowo muikeni ngati linki m'munsi mwa vidiyo, ofuna akaonere kwa eni ake, inu mumange yanu ndi zithunzi, mapu ndi mawu anu.

Yambani ndi pepala, osati pulogalamu yolumikizira vidiyo ngati CapCut. Lipoti la boma la okonza Olimpiki ya 1960 likupezeka mwaulere mu laibulale ya pa intaneti ya LA84 Foundation, ndipo zotsatira za mipikisano zili pa tsamba la pa intaneti la Olympedia. Jambulani mizere itatu: zimene mudzanene, zimene woonera adzaone, ndi kumene mwapeza mfundoyo. Chiganizo chilichonse chokhala ndi chaka, nambala kapena dzina chikhale ndi magwero awiri osakoperana. Mzere wapakati ukakhala wopanda kanthu, ndiye kuti chiganizocho chilibe chithunzi, ndipo muyenera kuchifupikitsa kapena kuchichotsa.

Pali mfundo zitatu zimene mavidiyo ambiri a Bikila amaphonya. Yoyamba ndi kunena kuti anali munthu woyamba wa mu Africa kupambana marathon ya Olimpiki. Ken McArthur anapambana mu 1912 akuimira South Africa, ndipo Boughera El Ouafi mu 1928 ndi Alain Mimoun mu 1956, onse obadwira ku Algeria, anapambana atavala yunifomu ya France. Choona n'chakuti Bikila anali munthu wakuda woyamba wa mu Africa kutenga golide wa Olimpiki. Yachiwiri ndi kunena kuti anathamanga wopanda nsapato chifukwa cha umphawi. Nsapato zimene anayesa zinkamupweteka, ndiye anasankha kuzisiya. Kumusandutsa wachisoni n'kumuchepetsa munthu amene anali msilikali wophunzitsidwa bwino ndi kochi wake Onni Niskanen wa ku Sweden. Yachitatu ndi kusakaniza zithunzi za ku Rome ndi za ku Tokyo, kumene anapambananso mu 1964. Kusiyanitsa n'kosavuta: ku Tokyo anavala nsapato ndipo anamaliza masana m'bwalo, ku Rome anamaliza usiku mumsewu.

Zithunzi zifunefuneni pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya pa intaneti, koma tsegulani tsamba la chithunzi chilichonse muwerenge chilolezo chake. Public domain ndi yaulere. CC BY imafuna kuti mutchule wojambula ndi mtundu wa chilolezo, CC BY-SA imawonjezera kuti chimene mwasintha pa chithunzicho chigawidwe pa chilolezo chomwecho. Lembani zimenezi nthawi yomweyo mukamatsitsa, chifukwa kudzafufuzanso mwini wa zithunzi 60 vidiyo itatha ndi ntchito yoziziritsa nkhongono. Tsitsani chachikulu, osati kachithunzi kachitsanzo. Vidiyo ya 1080p ndi mapikiseli 1920 m'lifupi, ndiye chithunzi choti muzichiyandikitsa chikhale ndi 2400 kapena kuposa. Chaching'ono musachikoke. Chiikeni pakati pa mtundu wakuda monga chilili, ndipo chamakona a 4:3 chisatambasulidwe kuti chidzaze 16:9, chifukwa anthu amaoneka afupi ndi onenepa. Zithunzi zopangidwa ndi AI zosonyeza Bikila akudutsa pa chipilala zisalowe n'komwe. Vidiyo ya mbiri ikangopezeka ndi chithunzi chimodzi chopeka, ndi zoona zomwe zimayamba kukayikiridwa.

Mapu ndiwo alowe m'malo mwa kanema amene mulibe. Google Earth Studio imatulutsa zokongola koma imadya bandulo, ndipo mawu osonyeza eni zithunzi sayenera kufufutidwa. Njira yotchipa ndi kutenga mapu a OpenStreetMap, kutchula gwero lake pakona, n'kujambulapo mzere wofiira woyenda pang'onopang'ono. Yotchipa koposa, imenenso imakoma kuonera, ndi pepala lalikulu, cholembera chakuda ndi foni yomangirira pamwamba pa tebulo, dzanja lanu likujambula msewu kuchokera ku Campidoglio mpaka kubwerera. Bwererani ku mapuwo nthawi iliyonse mukamachoka pa malo ena kupita ena, kuti woonera adziwe pamene wafika.

Mawu ajambuleni musanayambe kulumikiza zithunzi, chifukwa zithunzi ndizo zimatsatira mawu. Malangizo ambiri a pa intaneti amawerengera liwiro la Chingelezi, koma mawu a Chichewa ndi aatali. Werengani mawu 100 a zolemba zanu mokweza, muone masekondi amene atenga, kenako muwerengere kuti mphindi 10 zifuna mawu angati, n'kuchotsapo pafupifupi mphindi imodzi ya popumira. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi makatani, matiresi ndi zovala, osati m'kalasi, chifukwa simenti ndi malata zimabweza mawu ndipo kubwezako n'kovuta kukuchotsa pambuyo pake. Maikolofoni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, chakumbali pang'ono kuti ma p ndi ma ph asaphulike. Foni ikhale pa flight mode. Siyani masekondi 10 a chete poyamba, kuti pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity idzagwiritse ntchito pochotsa phokoso. Mawu asamapitirire -6 dB, ndipo nyimbo ikhale pansi pa mawu ndi ma dB 18 mpaka 20. Yesani pa sipika ya foni, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo. Maina a Chitaliyana amvereni kaye musanajambule: gli ya mu Campidoglio imamveka pafupifupi ngati lyi.

Polumikiza, yambani ndi usiku wa pa Arch of Constantine kwa masekondi 20 kapena 30, kenako bwererani poyambira. Musayambe ndi moni wautali kapena mbiri ya Olimpiki kuchokera ku Greece. Chithunzi chilichonse chikhale masekondi 5 mpaka 8, chikuyandikira pang'ono kuchoka pa 100 kufika pa 108 kapena 110 peresenti. Kupitirira apo woonera amachita chizungulire. Cha chipilala cha Axum mutha kuchisiya masekondi 12, nyimbo itazima. Caracalla ndi Maxentius zipatseni mphindi imodzi ndi theka zonse pamodzi, Via Appia ziwiri, chipilala zitatu. Za ngozi ya galimoto ya 1969 imene inamupuwalitsa ndi imfa yake mu October 1973 zinenedwe m'ziganizo ziwiri, popeza vidiyoyi ndi ya tsiku limodzi. Ngati laputopu ikulephera pulogalamu yolumikizira vidiyo ya DaVinci Resolve, yesani Kdenlive kapena Shotcut, ndipo sungani ntchito pafupipafupi chifukwa cha magetsi.

Potulutsa sankhani MP4, H.264, 1080p, mafelemu 25 pa sekondi, ndi 8 Mbps. Mphindi 10 zidzalemera pafupifupi 600 MB. Popeza zambiri ndi zithunzi zoyenda pang'onopang'ono, 5 Mbps imaonekabe bwino ndipo imatsitsa kulemerako kufika cha m'ma 375 MB. Mawu olembedwa m'munsi alembeni nokha kuchokera pa pepala lanu lija, mizere iwiri basi nthawi imodzi, n'kuwakweza ngati fayilo ya SRT. Tulutsaninso ina ya 720p yoika pa flash, kuti ana asukulu akaonere m'kalasi popanda intaneti, ndipo maina a ojambula zithunzi akhale m'kati mwa vidiyo kumapeto, chifukwa ikayamba kuyenda pa WhatsApp zolemba za m'munsi mwa YouTube sizipita nayo.